Nkangala, Gitala ndi Zimbale za Amayi

Aliyense amene adakulira pakati pa Chileka ndi Lirangwe amadziwa kunyadira nyimbo za kwathu. Tikakumana ife ophunzira akale, tikatha kufunsana za ana ndi kupepesana maliro, sipapita nthawi wina asanatchule Daniel Kachamba, wina Robert Fumulani ndi gulu lake la Likhubula River, achinyamatako n'kuponyapo Evison Matafale ndi Black Missionaries. Kunyadaku n'koyenera ndithu, pakuti ndi madera owerengeka m'Malawi muno amene mudzi umodzi, monga wa Singano, udatulutsa oimba omveka mpaka ku Ulaya. Komatu anzanga, tawerengani mainawo modekha: Kachamba, Fumulani, Matafale, Makondetsa. Onse amene timawatchula ndi maina amenewa ndi amuna, ndipo tikafunsa amene ankagwira gitala, besi ndi ng'oma pa zimbale ndi makaseti amene timanyadirawo, yankho ndi lomwelo. Nanga amayi ndi atsikana a kwathu adali kuti? Kodi sankaimba? Funso limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo kuti tiione bwino tiyambe tasuzumira kutali, kumene atsikana ena adayesa kutulutsa chimbale paokha.

Mu Disembala chaka cha 1970 kampani ya Reprise ya ku America idatulutsa chimbale cha gulu la nyimbo za rock lotchedwa Fanny, ndipo chimbalecho chidatenga dzina la gulu lomwelo. M'gulumo mudali atsikana anayi: June Millington pa gitala, mng'ono wake Jean pa besi, Alice de Buhr pa ng'oma, ndi Nickey Barclay pa piyano ndi limba. June ndi Jean adabadwira ku Manila m'dziko la Philippines, kwawo kwa mayi awo. Bambo awo adali msilikali wa pamadzi wa ku America. Banjali lidasamukira ku Sacramento, m'chigawo cha California, mu 1961. Anawa adafika ali alendo, khungu lawo losiyana ndi la anzawo a m'kalasi, ndipo chimene chidawapezera abwenzi ndi kagitala ka nsambo zinayi kotchedwa ukulele, kamene adaphunzirira kwawo. Ali ku sekondale adayambitsa gulu la atsikana lotchedwa The Svelts, ndipo adakhala zaka zingapo akuimba m'maholo ndi m'malo achisangalalo, akudzinyamulira okha zida. Pofika 1969 adali atatopa nazo, ndipo adapita ku Los Angeles ndi maganizo akuti zikakanika kumeneko angolekeratu. Kumeneko n'kumene Richard Perry, katswiri wojambula nyimbo, adawamva n'kuwalembetsa ku Reprise.

Olemba mbiri ya nyimbo amati Fanny ndilo gulu loyamba la rock la akazi okhaokha kutulutsa chimbale chathunthu pansi pa kampani yaikulu. Lisanabwere padali magulu ena, monga Goldie and the Gingerbreads, koma iwo adathera pa timbale ting'onoting'ono ta nyimbo ziwiri tija. Tsono kalandiridwe kake nako. Anthu ambiri ankabwera ku zoimbaimba zawo osati kudzamva nyimbo, koma kudzaona ngati n'zoona kuti mtsikana angalize gitala yamagetsi, monga mmene mudzi umakhamukira kukaona mwana wa ng'ombe wobadwa ndi mitu iwiri. Chimbale choyambacho sichidayende malonda kwenikweni. Mu 1971 nyimbo yawo yotchedwa Charity Ball idafika pa nambala 40 pa ndandanda wa Billboard, umene umaonetsa nyimbo zimene zagwira msika ku America. Chimbale chachitatu, Fanny Hill, chidatuluka mu 1972 atachijambulira ku Apple Studios ku London, situdiyo ya gulu la Beatles, ndipo amene adakhala pa makina ndi Geoff Emerick, yemwe adajambulapo zimbale zotchuka za gululo. Oimba anzawo ankawapatsa ulemu, moti Barbra Streisand adawatenga kuti amuimbire zida pa chimbale chake cha 1971. Koma a kampani ankafuna malonda, ndipo ankakakamiza atsikanawa kuvala zokopa maso. June adatopa nazo n'kuchoka mu 1973, Alice naye adatsatira, ndipo pamene nyimbo ya Butter Boy inkafika pa nambala 29 mu 1975, gululi lidali litabalalika kale. Dzina lawo lidazilala mpaka David Bowie, polankhula ndi magazini ya Rolling Stone mu 1999, adadandaula kuti limodzi mwa magulu okhoza kwambiri a nthawi imeneyo lidangoiwalika.

Padapita zaka zoposa khumi kuti chimbale cha gulu lotere chifike pamwamba penipeni. Gulu la The Go-Go's lidayamba ku Los Angeles mu 1978, ena mwa atsikanawo asakudziwa n'komwe kagwiridwe ka zida. Makampani akuluakulu adawakana mpaka kampani yaing'ono ya I.R.S. idawatenga. Chimbale chawo, Beauty and the Beat, chidatuluka mu Julaye 1981, chidakwera pang'onopang'ono, ndipo mu Malichi 1982 chidafika pa nambala 1 n'kukhalapo masabata 6. Zimbale zoposa 2 miliyoni zidagulidwa. Aka kadali koyamba kuti gulu la akazi okhaokha, lopeka lokha nyimbo ndi kudziimbira lokha zida, lifike pamenepo. Taonani chakacho: 1982, m'dziko lolemera ngati America. Tisafulumire tsono kudziyesa otsalira tokha.

Tibwerere kwathu. M'zaka zimene ana a Millington ankavutika ndi The Svelts, Chileka lidali khomo la dziko lino, pakuti bwalo la ndege lalikulu lidali lomweli mpaka pamene la ku Lilongwe lidatsegulidwa mu 1983. Amuna opita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela ankauluka mpaka ku Francistown, kumene ankakwera sitima ya pamtunda. Pobwera ankanyamula mabulangete, masuti, mawotchi, ena gumbagumba ndi timbale take. A kumtunda kwa Lunzu ankatsikira pa siteshoni ya Lirangwe katundu ali pamutu, ana akuthamangira. Ulendo umenewu udadukizidwa mu Epulo 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Dr. Kamuzu Banda n'kuimitsa kulemba anthu. Koma pofika nthawi imeneyo nyimbo za ku Johannesburg zidali zitamera kale mizu m'midzi mwathu.

Banja la a Kachamba lidatenga nyimbozi pa njira ina. Bambo James Kachamba, amenenso ankaimba gitala, adakhala ndi banja lawo ku Salisbury, kumene lero timati Harare, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nthawi imene kwela wa Spokes Mashiyane ndi Lemmy Special Mabaso ankamveka m'komboni iliyonse. Atabwerera kwa Singano, Daniel, wobadwa mu 1947, adagwira gitala, mng'ono wake Donald n'kugwira chitoliro chachitsulo chija, anzawo akuthandiza ndi besi ya bokosi ya nsambo imodzi ndi maseche. Kumayambiriro kwa 1967 Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo za mu Africa wochokera ku Vienna m'dziko la Austria, adawapeza akuimba mumsewu mu Blantyre. Adawajambula mawu ndi kanema, adalemba buku lonse la gulu lawo limene lidatuluka m'Chingerezi mu 1974, ndipo mu 1972 abale awiriwa adali atakaimba kale ku Ulaya. Daniel adamwalira mu 1987. Donald adayenda maiko ambiri, adakaphunzitsako ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles mu 1999, n'kumwalira mu Januwale 2001.

Izi ambiri tikuzidziwa. Chimene sitikonda kutchula ndi gwero la imodzi mwa maimbidwe amene anyamata a ku Chileka adatchuka nayo, simanjemanje. Liwuli ndi la Chizulu ndipo limatanthauza zamakono, za lero lino. Ku Johannesburg dzinali lidamatirira pa nyimbo za magulu a atsikana a m'zaka za m'ma 1960: Mahotella Queens, amene Rupert Bopape adawasonkhanitsa mu 1964 pansi pa kampani ya Gallo, ndi gulu lina limene dzina lake lenileni lidali Izintombi Zesi Manje Manje, atsikana amakono. Timbale ta magulu amenewa ndi timene tinkalira pa gumbagumba m'maukwati ndi m'mabotolo sitolo. Choncho mawu amene anyamata athu ankawatsanzira pa chitoliro ndi pa gitala adali mawu a akazi. Koma ngakhale ku Johannesburg komweko ntchito idagawidwa kale: Hilda Tloubatla ndi anzake ankaimba ndi kuvina kutsogolo, pamene zida zidali m'manja mwa amuna a Makgona Tsohle Band, Marks Mankwane pa gitala, Joseph Makwela pa besi, West Nkosi pa lipenga. Kagawidwe kameneka tidakalandira pamodzi ndi nyimbozo, monga munthu wogula jekete la kaunjika amalandirira ndi zigamba zomwe.

Kwathu kuno, m'midzi yambiri, munda ndi wa mbumba, mwamuna amabwera ngati mkamwini, ndipo ana ndi a kuchikazi. Chodabwitsa n'chakuti gitala sidatsate lamulo limeneli. Idayenda kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna: kwa James Kachamba kupita kwa Daniel ndi Donald, kwa Robert Fumulani kupita kwa Musamude, Anjiru ndi Chizondi. Chifukwa chake sichovuta kuchipeza. Kuphunzira chida kumafuna nthawi yongokhala, ndipo nthawi yotereyi adali nayo ndi mnyamata. Iye akapita kubusa ankatha kukhala tsiku lonse pansi pa mtengo akukhoma banjo ya chigubu cha mafuta, akuyesa nsambo, zikaduka n'kumanganso. Mlongo wake nthawi imeneyo ali kumjigo kapena kudambo, akabwerako pamtondo, mwana ali kumsana. Kuonjezera apo, gitala inkaimbidwa malo ake: pamowa, pamsika wa Lunzu, m'mabala a pa Lirangwe, usiku. Mnyamata wopezeka kumeneko ankangotchedwa wosamva, ndipo akakula anthu ankaiwala. Mtsikana wopezeka kumeneko ankapatsidwa dzina lina, limene sindilemba pano, ndipo dzinalo silinkachoka ngakhale akwatiwe.

Komabe atsikana adali nacho chida chawo, ndipo achikulire amene mukuwerenga mukuchikumbuka. Nkangala ndi uta wa bango wotalika ngati mkono, wokhala ndi nsambo imodzi, kale ya khonje, pambuyo pake ya ulusi wa mbedza. Woimba amaika nsonga imodzi ya bangolo pakamwa, dzanja limodzi likugwira nsonga inayo chala chikutseka ndi kutsegula nsambo, dzanja linalo likukodola nsamboyo ndi kachitsotso. Nsambo payokha imangopereka mawu ochepa kwambiri. Nyimbo yeniyeni imapangidwira m'kamwa. Akakuza kapena kuchepetsa mpata wa m'kamwamo posuntha lilime, amasankha timawu tapamwamba tobisika m'kulira kwa nsamboyo, n'kutiika m'ndondomeko mpaka nyimbo itamveka. Ndi luso lofuna khutu lakuthwa kuposa kugwira makiyi atatu pa gitala. Chidachi chidabwera ndi Angoni m'zaka za m'ma 1800, ndipo dzina lake ndi lomwe Azulu amati umqangala. Chinkaimbidwa ndi atsikana ndi amayi, kawirikawiri munthu ali yekha pakhonde kapena poyenda panjira, makamaka mtima ukasungulumwa. M'zaka za Wenela osungulumwa adali ambiri.

Koma taganizirani kusiyana kwa zida ziwirizi. Gitala ya Daniel inkaitana anthu mumsewu, ndalama n'kugwa m'chipewa. Nkangala imamveka bwino kwa mwini wake yekha, pakuti mawu ake amalira m'mutu mwa woimbayo. Munthu woima patali pang'ono amangomva kung'ung'udza. Anyamata adapatsidwa chida chosonkhanitsa khamu, atsikana chida chodzitonthozera. Ine ndimaona kuti pamenepa ndi pamene padagona nkhani yonse, kuposa pa malamulo a boma amene ndiwatchule kutsogoloku.

Pamtondo zinthu zinkasiyana. Amayi awiri kapena atatu akazungulira mtondo umodzi, misi imagwa mosinthana, wina akakweza wina akutsitsa, ndipo kugunda kwake kumalukana ngati ng'oma. Pamwamba pa kugundako wina amatsogolera, ena n'kumavomera. Limeneli lidali gulu la akazi okhaokha, lopeka lokha nyimbo ndi kudziimbira lokha zida, zaka zambirimbiri The Go-Go's asanabadwe. Ndipo mawu ake sadali ofewa. Mwamuna womwa ndalama za thonje, apongozi olongolola, mkazi mnzake wa pamitala, onse ankamva mbiri yawo mudzi wonse ukumvera, popanda wotha kukasuma kwa amfumu, poti ndi nyimbo chabe. Kutsimba nako anamkungwi ankadziimbira okha ng'oma, ndipo kumpoto amayi Achitumbuka ali ndi visekese, gule amene amamuimba ndi zisekese zawo m'manja. Chimene chidatha nyimbo za pamtondo si lamulo kapena mpingo, koma chigayo. Chigayo chidapulumutsa misana ya amayi athu, ndipo palibe angalakelake kubwerera ku matuza a m'manja aja. Koma pamzere wa kuchigayo injini imalira kuposa munthu, ndipo palibe amene amapekerapo nyimbo.

Nyimbo za amayizi zidalowa pa chimbale, koma polowera khomo lina. Hugh Tracey, amene adayambitsa International Library of African Music mu 1954, adayenda m'Nyasaland ndi makina ake mu 1950 ndi mu 1958, ndipo mwa zimene adajambula mudali nyimbo za amayi. Zimbale zake zambiri zidapita ku malaibulale ndi ku mayunivesite, osati m'sitolo za ku Limbe. Pambuyo pake Kubik ndi anzake a ku Chileka adapitiriza ntchito yotereyi. Mu 1987 ku Zomba kudatuluka buku lotchedwa Malawian Music: A Framework for Analysis, ndipo pachikuto pake, pambali pa dzina la Kubik, pali maina a Moya Aliya Malamusi, Donald Kachamba ndi Lidiya Malamusi. Dzina lomalizali tiligwire bwino: mayi wa ku Chileka konkuno, wolembedwa ngati mmodzi mwa ofufuza, osati wongojambulidwa. Mu 1989 nyumba yosungira zachikhalidwe ya ku Berlin idatulutsa zimbale ziwiri zotchedwa Opeka Nyimbo, za oimba a m'chigawo cha kummwera kwa Malawi, ndipo chaka chomwecho Moya Malamusi adakhazikitsa Oral Literature Research Programme ku Chileka. Ntchito zimenezi zidalandiridwa ndi manja awiri ndi akatswiri a ku Ulaya ndi ku America. Kwathu kuno adazimva ndi ochepa, pakuti pofika 1989 makina oimbira zimbale adali atalowedwa m'malo ndi kaseti, ndipo chimbale chochokera ku Berlin sichikadafika pa Lirangwe ngakhale munthu akadachifuna.

Wina anganene kuti zimenezi n'za Africa yense, kuti mkazi ndi gitala yamagetsi sizidayenderane kulikonse. Si zoona. M'dziko la Guinea, mu 1961, boma la Sékou Touré lidakhazikitsa gulu loimba la apolisi achikazi okhaokha, limene pambuyo pake lidatchedwa Les Amazones de Guinée. Adayamba ndi zida zopanda magetsi, kenaka adagwira magitala amagetsi, malipenga ndi ng'oma zachizungu. Nyépou Haba adatchuka pa gitala yotsogolera, Salématou Diallo pa besi. Adakaimba ku chikondwerero chachikulu cha FESTAC ku Lagos mu 1977. Komabe ngakhale iwo adadikira zaka zoposa 20 kuti akhale ndi chimbale chawochawo, Au cœur de Paris, chimene chidajambulidwa pamaso pa anthu ku Paris n'kutuluka mu 1983. Sitikuyamikira Sékou Touré ayi; adali wolamulira wankhanza amene adaphetsa anthu ambiri m'ndende ya Camp Boiro, ndipo amayiwa nawonso ankaimba zotamanda chipani chake. Koma iye atamwalira mu 1984, zida zidatsala m'manja mwawo, luso lili m'zala, ndipo mu 2008 adatulutsa chimbale chachiwiri, Wamato.

Ife tidalinso ndi chipani chimodzi, ndipo nachonso chidafuna mawu a amayi. Amene tidakulira pafupi ndi bwalo la ndege tikukumbuka malole odzaza mbumba, zitenje za nkhope ya Kamuzu zili mbuu, kudikira padzuwa kuyambira m'mawa kuti Ngwazi ikwere kapena itsike ndege. Pa 14 Meyi, pa 6 Julaye, pa maulendo oyendera mbewu, amayi masauzande ankaimba ndi kuvina, boma lililonse ndi gule wake. Nyimbo zambiri zidali za kumudzi zomwe zija, atazichotsa mawu akale n'kuikamo otamanda, ndipo amene ankachita ntchito yosula mawuyi adali amayi omwewo. Wailesi ya MBC, imene idali yokhayo m'dziko muno, inkaziulutsa tsiku ndi tsiku. Ndinganene kuti palibe oimba amene adamveka pa wailesi m'zaka zimenezo kuposa amayi a m'midzi. Koma ankamveka ngati boma lakuti, opanda dzina la munthu, ndipo ng'oma pakati pa bwalo kawirikawiri inkaimbidwa ndi amuna. Ulamuliro utasintha mu 1994, amayi a ku Conakry adali ndi magitala, amayi athu adatsala ndi zitenje.

Pamwamba pa izi padali malamulo. La 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika zoimbaimba, mabuku ndi makanema, ndipo ambiri mukukumbuka kuti ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa chifukwa cha dzina lokhalo. La 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi osaphimba mawondo, ndipo lidakhalapo mpaka nyengo ya kusintha kwa ndale, riferendamu ya 1993 itachitika. Atsikana a Fanny, ndi mathalauzi awo aja, akadatsika pa Chileka mu 1974 akadauzidwa kuti ayambe amanga chitenje asanatuluke pa chipata. Boma lidali nawo magulu oimba ndi zida, la apolisi, la asilikali ndi MBC Band, koma mkazi akapezekamo malo ake kawirikawiri adali pa maikolofoni. Maria Chidzanja Nkhoma, amene adamwalira mu 2021, adatchukira pamenepo ndi MBC Band, ndipo Ethel Kamwendo adaimba ndi magulu angapo asanatembenukire ku nyimbo zauzimu. Amenewa adalimba mtima, pakuti ngakhale kuima pa maikolofoni m'hotela usiku kunkabweretsa manong'onong'o. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, Stella Chiweshe adalimbana ndi achibale ndi akuluakulu omwe kuti aphunzire mbira, chida chimene ankati n'cha amuna, ndipo adajambula nyimbo yake yoyamba, Kasahwa, mu 1974.

Chaka cha 1994 chitadutsa, zitseko zidatseguka. Masitudiyo ang'onoang'ono adachuluka, makaseti ankagulitsidwa ku O.G. Issa ku Limbe ndi m'misika, ndipo Chileka chidamvekanso: Kuimba 1 ya Matafale mu 1999, Kuimba 2 mu 2001, chaka chomwe iye adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Novembala. Black Missionaries adapitiriza mndandanda wa Kuimba, ndipo adasunga mwambo woimba ndi zida zenizeni pamaso pa anthu. Amayi nawo adalowa m'situdiyo mwaunyinji, makamaka kudzera ku tchalitchi, kumene mtsikana angathe kupita kokonzekera nyimbo madzulo popanda womunena. Makwaya a amayi a Mvano ndi a mabungwe ena a amayi m'mipingo adatulutsa makaseti, ndipo oimba monga Grace Chinga, amene adamwalira mu 2016, ankadzaza maholo. Tikafuna gulu la akazi okhaokha limene lidatulutsa nyimbo n'kugulidwa m'midzi mwathu, ndi makwaya amenewa. Koma nyengo yomweyi idabwera ndi kiyibodi yotha kuliza ng'oma, besi ndi malipenga payokha. Situdiyo sinkafunanso gulu la anthu asanu. Inkafuna mnyamata mmodzi wodziwa kutokosa makina. Woimba ankabwera ndi mawu ake, n'kulipira, n'kupeza zida zitaikidwa kale. Pa nthawi yeniyeni imene mtsikana akadaloledwa kugwira besi, msika udaleka kufuna woimba besi.

Kunjaku ulemu udabwera mochedwa. The Go-Go's adalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame mu 2021, zaka 40 chitulukireni chimbale chawo, ndipo chaka chomwecho kudatuluka kanema wofotokoza mbiri ya Fanny, eni ake ali agogo. June Millington sadadikire zimenezo. Mu 1986 adayambitsa ndi mnzake bungwe la Institute for the Musical Arts, limene pambuyo pake lidayamba kusonkhanitsa atsikana pa tchuthi, kuwapatsa magitala ndi ng'oma ndi malo oti asokoserepo popanda wowaseka. Ndi zomwezo zimene polisi ya ku Conakry idapereka kwa amayi ake: chida chimene sadagule okha, nthawi yophunzira, ndi malo amene makolo sangawakayikire. Kuno ku Malawi zitatu zimenezi zidakumana ku Music Crossroads, bungwe limene lidatsegula sukulu ya zoimbaimba ku Area 23 mu mzinda wa Lilongwe mu 2013. Kumeneko n'kumene kudatuluka Daughters Band, gulu la atsikana okhaokha, wa ng'oma, wa besi, wa gitala ndi wa kiyibodi onse akazi. Kuchokera pa Lirangwe kukafika ku Area 23 ndi ulendo wa makilomita oposa 250, kudzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza.